Abulu Awiri ndi Nyimbo za Khwangwala

Padangokhala dziko lalikulu kutsidya kwa nyanja ya Atlantic, dziko la zigawo 50, dzina lake America. Nyama kumeneko zidali zamitundumitundu, koma pa nkhani ya mpando mabanja adali awiri okha, la a Bulu ndi la a Njovu. Musandifunse kuti njovu idafikako bwanji. Idafika papepala. M'zaka za m'ma 1870 katswiri wina wojambula zoseketsa, Thomas Nast, ankajambula m'magazini ya Harper's Weekly chipani cha Democratic ngati bulu, cha Republican ngati njovu, ndipo nyama ziwirizo zidakhazikika mpaka lero.

Zikatha zaka zinayi, mwezi wa Novembala, mabanja awiriwa ankalimbirana nyumba yoyera ya ku Washington. Koma Novembala asanakwane, banja lililonse linkayamba lasankha mmodzi wolinyamulira mbendera. Zisankho zachipululazo zinkayenda chigawo ndi chigawo, kuyambira nthawi ya chisanu mpaka Juni. Wochita bwino m'chigawo ankatola nthumwi zambiri, ndipo nthumwizo ndi zomwe zinkakamaliza nkhani pamsonkhano waukulu wa banja.

Chaka chimenecho m'nyumba yoyera mudali bulu wotchedwa Phulusa. Adali wakhama, wolawira m'mamawa, wowerenga pepala lililonse mpaka kumapeto, koma wosadziwa kucheza. Mwayinso udamuthawa. Mtengo wa chimanga unkakwera sabata ndi sabata, pazitsime padali mizere yotalika, ndipo kudziko lina lakutali akazembe ake adagwidwa n'kutsekeredwa.

M'banja lomwelo mudali bulu wina wocheperapo msinkhu, Mkuwe, wochokera m'khola lotchuka la kumpoto chakum'mawa. Ameneyu akayamba kulankhula, ngakhale wogontha ankaimika makutu. Ankanena kuti Phulusa waiwala abulu okoka ngolo, omwe adamuika pampando. Ndipo pamenepo, tinene zoona, sankanama.

Mkuwe atalengeza kuti apikisana, Gogo Nagoli adawaitanitsa onse awiri. Gogoyu adali bulu wamkazi wokalamba amene ankasunga kaundula wa banja, ndipo adaona misonkhano yambiri kuposa mano omwe adamutsalira.

"Ana anga," adatero, "kupikisana pikisanani, mwambo umalola. Tsutsanani za chimanga, za zitsime, za misonkho. Koma mawu aliwonse musanawatulutse pabwalo, muziyamba mwawayesa kaye: kodi atatuluka m'chitamba cha Njovu mwezi wa Okutobala, mungawakonde?"

"Tamva, agogo," adayankha onse awiri, aliyense atayang'ana kwake.

Mpikisano udayambira ku Iowa, chigawo cha chimanga ndi nkhumba, mu Januwale, chipale chofewa chitakuta minda yonse. Kumeneko abulu sankaponya mavoti m'bokosi. Ankasonkhana madzulo m'masukulu ndi m'matchalitchi, aliyense n'kukaima pangodya ya amene akumufuna, mnansi wako akukuona. Amene adaimapo pamzere kumbuyo kwa wofuna uphungu kwathu kuno akudziwa m'mene mtima umagundira pamenepo. Usiku umenewo ngodya za Phulusa zidadzaza, moti pa abulu atatu alionse awiri adali ake. Ku New Hampshire mwezi wotsatira zidateronso.

Chomwe chidamuwawa Mkuwe si kugonjako. Iye ankadalira mtsutso. Ankadziwa kuti akangoima pabwalo limodzi ndi Phulusa, dziko lidzamva kusiyana. Koma Phulusa adakana. Adati akazembe ali m'manja mwa adani, choncho iye sangachoke m'munda wamaluwa wa kuseri kwa nyumba yoyera kukachita zandale. M'mundamo ndi m'mene ankalandiriramo alendo, kugawa thandizo ku zigawo zomwe zatsala pang'ono kuvota, ndi kujambulitsa. Zimenezo ankati si ndale, ndi ntchito.

Tsiku lina madzulo, Mkuwe ali yekha kuseri kwa nkhokwe, Khwangwala adatera pamtanda wa khola.

"Pepani ndi mavuto, bwana."

"Ukufuna chiyani?"

"Ine ndine wamalonda chabe. Ndakhala ndikumvera misonkhano yanu. Mumalankhula bwino zedi, za mitengo, za misonkho, za zipatala. Koma bulu akafika kunyumba, mwana wake n'kumufunsa kuti a Mkuwe anati bwanji, amangokanda khutu. Mfundo sizikwera ngolo, bwana. Chimakwera ngolo ndi nyimbo."

"Uli nayo?"

"Dengu limodzi la chimanga."

Mkuwe adathira chimangacho, ndipo Khwangwala adakonza kukhosi n'kuyamba:

Phulusa iwe, Phulusa,
nkhokwe yatha uli m'maluwa.
Tikati ufa, ukuti mawa,
Phulusa iwe, nyamuka!

Mkuwe adaseka mpaka misozi. Kenaka adakumbukira mawu a gogo, nafunsa: "Nyimboyi ikhala yanga ndekha?"

"Yanu nokha, bwana."

Idagwira ngati moto wa m'tchire mwezi wa Okutobala. Mkuwe ankaiyambitsa yekha pamapeto pa msonkhano uliwonse, ndi liwu lake lija, khamu n'kumavomera kuti nyamuka, nyamuka. Mu Malichi adatenga New York. Mu Epulo adatenga Pennsylvania. Omutsatira adayamba kuyenda modzitukumula, osakumbuka kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Amalondawo adali atatera kale m'munda wamaluwa.

"Bwana mtsogoleri, mwaimva nyimbo ikuimbidwa kunjaku? Zachipongwe zedi. Sindikudziwa kuti adaipeka ndani."

"Ine sindichita nawo zachibwana," adatero Phulusa, maso ali papepala.

"N'zoona, inu ndinu aulemu. Simuyenera kuimba nokha. Pali anyamata anu. Inu mungothira chimanga."

Phulusa adakhala chete nthawi yaitali. Nkhani idalipo, yakalekale: Mkuwe ali wamng'ono, ngolo yomwe ankakoka idatitimira m'matope, iye n'kuvula goli kusiya mnzake akuvutika yekha. Banja lonse linkaidziwa, ndipo banja lonse lidagwirizana mwakachetechete zosaitchula. Phulusa sadanene kuti inde. Adangokankha dengu ndi chiboda, n'kupitiriza kuwerenga. Mawa lake anyamata ake adali pamsewu:

Mkuwe mkamwa muli uchi,
pamsana alibe chipsera.
Ngolo ikalowa m'matope,
goli pansi, liwiro!

Kuyambira pamenepo za mtengo wa chimanga zidaiwalika. Abulu omwe adakokera limodzi ngolo zaka khumi adaleka kupatsana moni. Pachitsime, wina akang'ung'udza nyimbo ya maluwa, mnzake ankayankha ndi ya matope, mapeto ake zidali ziboda. Khwangwala ankauluka uku ndi uku kuwonjezera mavesi, ndipo adamanga nkhokwe yachiwiri.

Musaganize kuti kwa a Njovu kudali bata. Nawonso adali pa chipulula chawo. Chinyanga, njovu yachikulire yodziwa nthabwala, ankalonjeza kuti adzatsitsa misonkho, adzasula mikondo yambiri, komanso nkhokwe ya boma sidzaperewera. Mnzake Kachitamba adati masamu oterowo ndi matsenga, ndipo mawuwo adamuluma Chinyanga. Koma Kachitamba atawerenga nthumwi n'kuona kuti zake zada, adaima pabwalo mu Meyi n'kuvomera kuti wagonja. Pamsonkhano wawo ku Detroit mu Julayi, Chinyanga adameza mkwiyo, nasankha Kachitamba yemweyo kukhala wachiwiri wake. Adapiringizana zitamba pamaso pa onse. Sindikunena kuti ankakondana. Ndikunena kuti ankadziwa kuwerenga.

Kwa a Bulu masamu adali atatha kale. Nthumwi zonse zidali 3,331, ndipo wofika 1,666 ndiye mwini mbendera. Tsiku lomaliza la chipulula, kumayambiriro kwa Juni, Mkuwe adatenga California, chigawo cha anthu ambiri kuposa zonse, koma Phulusa adali atadumpha kale mzere.

Gogo Nagoli adayenda ulendo wautali kupita kukhola la Mkuwe.

"Mdzukulu wanga, mvula yakata. Pita kwa mkulu wako ukamugwire chiboda."

"Agogo, nthumwi zija zidalonjeza mu Januwale, chimanga chisadafike pomwe chafikapa. Zimasuleni, iliyonse ivote za kumtima kwake, muone ngati achimwene angapambane."

"Ukadakhala iwe uli patsogolo, ukadalola kuti zimasulidwe?"

Mkuwe sadayankhe.

Gogo adapitanso ku Washington. "Phulusa, mwana uja ali ndi abulu oposa 1,000 pambuyo pake. Si udzu umenewo. Muitane, umve zomwe akufuna, umupatse poti atulukire mutu uli m'mwamba."

"Agogo, iyeyo ndiye adayamba. Abwere yekha."

Atambala awiri salira m'khola limodzi, adatero ena pomutonthoza gogoyo. Iye adangoti atambala alibe chisankho mu Novembala.

Msonkhano waukulu udachitikira ku New York mu Ogasiti, m'chinyumba chachikulu cha masewero. Usiku woyamba adavotera za lamulo lija, loti nthumwi zimasulidwe kapena ayi. Mbali ya Mkuwe idagonja, ndipo iye adalengeza kuti dzina lake lichotsedwe. Usiku wachiwiri adampatsa bwalo kuti alankhule. Abale, adalankhula bulu uja. Za abulu okoka ngolo, za okalamba opanda mankhwala, za ana ogona ndi njala. Nthumwi zidalira, ngakhale za Phulusa zomwe, ndipo zidavina nthawi yaitali osafuna kukhala pansi. Koma dzina la Phulusa adalitchula kamodzi kokha, mongodutsa. Ambiri adatuluka m'chinyumbamo akudzifunsa ngati sadasankhe molakwa, limene si funso loti banja lipite nalo kunkhondo.

Usiku womaliza ndiwo udali wa mwambo. Wopambana akatha kulankhula, akuluakulu onse amakwera pansanja, ndipo wogonja amaima pambali pake, awiriwo n'kukweza ziboda pamodzi kuti dziko lonse lione. Phulusa adamaliza kulankhula. Ng'oma zidalira. Akuluakulu adakwera mmodzimmodzi, oyenera ndi osayenera omwe, mpaka nsanja idadzaza. Mkuwe osaoneka. Oimba adabwereza nyimbo, kuibwerezanso. M'manja mudayamba kuzilala, ndipo oitana mayina adafika poitana aliyense amene amukumbukira, kungoti nthawi ipite.

Kenaka adatulukira. Chinyumba chidagwedezeka ndi phokoso loposa lomwe adalandira mwini mbendera. Mkuwe adakwera, nagunda chiboda cha Phulusa pang'ono, pansi, monga amachitira odutsana pamsika, n'kupita kukapatsa moni ena. Phulusa adamutsatira. Mkuwe adasunthira kumanzere, kukweza mutu kwa omutsatira ake. Phulusa adamutsatiranso, chiboda chili m'malere, akumwetulira ndi mano okha. Mtsogoleri wa dziko lonse adazungulira nsanja pambuyo pa mng'ono wake, kupempha chinthu chomwe sakadachitchula ndi pakamwa. Ziboda sizidakwere. Mkuwe adatsika n'kumapita, ndipo Khwangwala, ali pamtanda wa denga, adaona zonse.

Apa wina andigwira mkono n'kunena kuti nthano iyi ndaiba. Ati kodi si za 1980 zimenezi, pamene Edward Kennedy adalimbana ndi mtsogoleri wa chipani chake chomwe, Jimmy Carter, mpaka ku Madison Square Garden? Ati kodi akazembewo si anthu 52 aja adasungidwa ku Tehran masiku 444, ndipo wa matsengayo si George Bush, amene adanyoza mfundo za chuma za Ronald Reagan kenaka n'kukhala wachiwiri wake? Misewu yake ndi yomweyo, sindikana, ndipo n'zoonanso kuti mbali ya Reagan idaulutsa pa kanema mawu a Kennedy akudzudzula Carter. Koma anthu amenewo adali ndi zifukwa zawo zambiri zomwe mabuku akukanganabe. Abulu anga ndi abulu basi, ndipo Khwangwala sadalembedwe m'buku lililonse, ngakhale aliyense amene adayendapo m'kampeni amamudziwa nkhope.

Mu Seputembala Khwangwala adatera pamnyanga wa Chinyanga.

"Bwana mkubwa, ndabwera ndi katundu."

"Ndilibe nthawi yophunzitsa ana anga nyimbo zatsopano."

"Si yatsopano. Dziko lonse likuidziwa kale, ndipo adaliphunzitsa ndi abulu eni ake, ndi chimanga chawo. Komanso tamvani izi." Adatukula khosi, ndipo m'kamwa mwake mudatuluka liwu la Mkuwe lenileni, osasiyana ngakhale pang'ono: Phulusa iwe, nyamuka!

Chinyanga adaseka mpaka makutu kugwedera. "Madengu angati?"

"Asanu."

"Tenga khumi, koma uziimba m'mawa ndi madzulo, makamaka kumadera a abulu okoka ngolo."

Njovu sidafunike kutukwana aliyense. Inkangoyenda mwaulemu, kufunsa nyama ngati dengu lawo ladzaza kuposa zaka zinayi zapitazo, ndipo kumwamba Khwangwala ankamaliza ntchito ndi liwu la bulu. A Phulusa adayesa kubwezera. Adakumba mawu a matsenga aja n'kumawafuula. Koma mawuwo adali atafooka, chifukwa mwini wake ankaoneka tsiku ndi tsiku ali pambali pa Chinyanga, akuseka naye.

Mkuwe ataona kuti zinthu zafika poipa, mtima udamugunda. Pajatu iye sankafuna kuti Njovu ilowe m'nyumba yoyera. Adanyamuka kukachititsa misonkhano yothandiza mkulu wake, ndipo adalankhula ndi mphamvu zake zonse kuti abulu akavotere Phulusa. Atamaliza, kumbuyo kwa khamu kamwana kena kadayambitsa, mosadziwa kanthu, poti ndi mmene misonkhano ya a Mkuwe inkathera: nkhokwe yatha uli m'maluwa. Khamu lidavomera lokha.

Usiku womwewo adamusaka Khwangwala mpaka adamupeza pankhokwe yake yachitatu.

"Iwe, udati nyimbo ija ndi yanga ndekha!"

"Ndi yanudi, bwana. Aliyense akaimva amati ndi ya a Mkuwe. Ine sindinauzepo munthu kuti ndi yanga."

"Ndiye ndikuti ileke."

"Madengu makumi awiri."

Mkuwe adathira. Khwangwala adasunga pangano, sadaiimbenso ngakhale kamodzi. Koma inkaimbidwa pachitsime, pachigayo, m'mabwalo a masewero. Ankaiimba agologolo ndi atsekwe omwe sankadziwa n'komwe kuti Phulusa amaoneka bwanji. Abulu ankaiimba pokoka ngolo chifukwa inkagwirizana ndi mayendedwe a ziboda.

Lachiwiri la chisankho lidafika. Mavoti a zigawo onse pamodzi ndi 538, ndipo wopeza 270 ndiye watenga nyumba. Chinyanga adapeza 489, Phulusa 49. Zigawo 44 zidapita kwa Njovu, New York yemwe, kumene banja la a Bulu lidachitira msonkhano wake.

Pamaliro a chisankhocho aliyense adali ndi womuloza. A Phulusa ankati Mkuwe ndiye adapha banja. A Mkuwe ankati banja lidadzipha lokha posankha bulu wotopa. Ine ndikuona kuti ndi mtengo wa chimanga uja, ndi akazembe ali m'ndende, Phulusa akadavutikabe ngakhale Mkuwe akadakhala chete chaka chonse. Koma kugwa kumasiyana. Gogo Nagoli atatsegula kaundula adapeza makola athunthu a abulu okoka ngolo, omwe makolo awo sadavoterepo Njovu chibadwire, ena atagona kunyumba tsiku lovota, ena atawoloka. Ambiri mwa owolokawo sadabwerenso msanga. Njovu zidakhala m'nyumba yoyera zaka 12, Chinyanga zisanu ndi zitatu, Kachitamba zinayi.

Phulusa adabwerera kumudzi kwawo kukalima. Mkuwe adatsala ndi dzina lake ndi liwu lake, ndipo omutsatira adayamba kumunong'oneza kuti ulendo wotsatira mbendera ndi yake, palibenso womutchinga. Chisanu china adapita ku New Hampshire mwakachetechete kukamva m'mene mphepo ikuwombera. Adafika pasukulu ina ana akusewera chingwe pabwalo, akudumpha motsatira nyimbo: ngolo ikalowa m'matope, goli pansi, liwiro. Adafunsa mphunzitsi kuti anawo adaimva kuti. Mphunzitsiyo, osamuzindikira, adati ndi yakalekale, a Njovu amaikonda pamisonkhano yawo, koma akuti adaipeka ndi abulu. Mkuwe adabwerera kwawo, ndipo sadapikisanenso pampando umenewo.

Ku Iowa chipale chidagwanso. Abulu achinyamata asanu ndi awiri adali atayamba kale kuzungulira m'makola a nkhumba kupatsa moni alimi, aliyense akulumbira kuti iye yekha ndi amene angagwetse Njovu. Gogo Nagoli adawaitanitsa, koma adabwera atatu okha, ndipo mmodzi adachoka gogoyo asadamalize, ati ali ndi msonkhano. Kuseri kwa nkhokwe adapeza mlendo akumudikira pamtanda.

"Madengu atatu? Ndidamva kuti kale lidali limodzi."

"Zinthu zidakwera, bwana."

Buluyo adayang'ana uku ndi uku, natsitsa mawu. "Koma ikhala yanga ndekha?"

"Yanu nokha, bwana. Thirani."